Makobiri a Aroma ndi Chenji cha pa Masambanjati: Mfundo Zofunika

Mwana wobadwa ku Masambanjati zaka khumi zapitazo sanagulepo chinthu ndi matambala. Mwina sanawagwirepo n'komwe. Ndalama zachitsulo za K1, K5 ndi K10 zimene Reserve Bank of Malawi inatulutsa mu 2012 zikadali zovomerezeka mwalamulo, koma kamupatseni mayi wogulitsa matimati pamsika muone mmene akuyang'anireni. Ndalama yaing'ono yatha ntchito ife tikuona, ndipo m'malo mwake mwalowa switi, bokosi la machesi, kapena mawu akuti mudzatenga mawa.

Vutoli si lachilendo padziko. Zaka zoposa 1,600 zapitazo anthu wamba a mu ufumu wa Roma anakumana nalo, ndipo umboni wake anausiya m'nthaka: timakobiri tamkuwa tosawerengeka, tina tosulidwa ndi boma, tina tosulidwa ndi anthu wamba motsanzira ta boma. Akatswiri ofukula zakale amatipeza ku Britain, ku France, ku Egypt mpaka ku Sri Lanka. Mfundo zotsatirazi ndazilemba ndikuganiza za othyola tiyi, alimi a nthochi ndi ogulitsa m'misika ya kumwera kwa Thyolo, chifukwa nkhani ya timakobiri timeneti imawakhudza iwowa kuposa wina aliyense.

1. Woyamba kupungula ndalama anali mwini chidindo.

Mu 215 mfumu Caracalla anatulutsa ndalama yatsopano imene akatswiri amaitcha antoninianus. Inkayenda ngati madinari awiri (dinari inali ndalama yasiliva ya Aroma), koma siliva wake anali wongokwana dinari imodzi ndi theka. Mafumu otsatira anaona kuti njira yatseguka. Nkhondo zinali mbali zonse, asilikali ankafuna malipiro, ndipo mfumu yolephera kulipira asilikali sinkakhalitsa ndi moyo. Choncho ankachotsako siliva n'kumawonjezera mkuwa. Pofika 270, nthawi ya Claudius II, siliva wa m'ndalamayo sankafika magawo 5 pa 100. Ankangoiwalitsa kunja kuti ioneke yoyera pochoka kosulira; ikayenda m'manja mwa anthu, kufiira kwa mkuwa kunkatulukira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mfumu Diocletian anayesa kukonza zinthu mu 294 potulutsa kobiri lalikulu lolemera pafupifupi magalamu 10. Mitengo itapitirira kukwera, mu 301 anakhazikitsa lamulo loika malire a mtengo wa zinthu zoposa 1,000, kuyambira tirigu mpaka malipiro a wometa tsitsi, ndipo mlandu wonse anauponyera pa umbombo wa amalonda. Wopyola mtengo chilango chake chinali imfa. Katundu anangobisidwa, ndipo lamulolo linafa lokha. Kobiri lija linapitiriza kuonda, moti pamene mfumu Constantine ankamwalira mu 337 silinkafikanso magalamu 2.

Ndayamba ndi mfundo iyi dala. Tikamva za ndalama zotsanzira, chala chathu chimathamangira kwa munthu wosula mobisa kuseri kwa nyumba. Koma iyeyo anabwera pambuyo. Ndalama ya siliva weniweni n'njovuta kutsanzira, chifukwa uyenera kupeza siliva kaye. Boma litasandutsa ndalama yake kukhala kachidutswa ka mkuwa, aliyense wokhala ndi moto ndi nyundo anatha kupanga chofanana nacho. Kholo, mphunzitsi, mfumu ya m'mudzi, kapitawo wa m'munda: amene ali ndi udindo akayamba kupungula pa zimene analonjeza, asadabwe anthu ake akatengera.

2. Dziko likakhala ndi ndalama ziwiri, yofooka imagwera wosauka.

Constantine yemweyo anayambitsa ndalama yagolide yotchedwa solidus, iliyonse yolemera pafupifupi magalamu 4.5. Imeneyi mafumu sanaiseweretse. Inasunga kulemera kwake zaka pafupifupi 700. Akuluakulu a boma ndi eni minda ikuluikulu ankasunga chuma chawo m'golide. Wophika mkate, wonyamula katundu ndi waganyu ankalandira mkuwa. Mkuwa ukagwa mphamvu, wagolide ankapeza makobiri ochuluka pa solidus yake yomwe ija, pamene wamkuwa ankabwerera kunyumba ndi dengu losadzaza.

Ife a ku Thyolo izi sitifunika kuziphunzira m'buku. Tiyi wathu pamsika wa ku Limbe amagulitsidwa pa mtengo wa dola ya ku America. Wothyola masamba ake amalandira kwacha. Pamene kwacha inkayamba mu 1971, makwacha awiri ankakwana paundi imodzi ya ku Britain. Mu May 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwanso ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu November 2023 ndi magawo 44 pa 100, dola n'kufika cha pa K1,700. Mtengo wa sopo, mafuta ophikira ndi feteleza umasintha sabata yomweyo. Malipiro amadikira zokambirana.

Sindikunena kuti eni maesiteti alibe awo mavuto. Feteleza, mafuta a galimoto ndi zipangizo za m'fakitale nawonso amagulira dola, ndipo mtengo wa tiyi kunja sukwera mmene munthu angafunire. Komabe makampani okha, pamene ankalowa m'ndondomeko ya Malawi Tea 2020 mu 2015, anavomereza kuti malipiro a m'minda ya tiyi sankakwanira moyo wa banja. Mgwirizano woyamba wa malipiro pakati pa Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU unasainidwa mu 2016. Chimenecho chinali chiyambi chabwino. Chilungamo chikufuna kuti kwacha ikagwa, tebulo la zokambirana litsegulidwe msanga, chifukwa mimba ya mwana wa wothyola tiyi sidikira kutha kwa chaka.

3. Ndalama inafika kuno kudzatolera msonkho isanayambe kuthandiza msika.

Boma la Roma linkasula ndalama makamaka kuti lilipire asilikali ndi antchito ake, kenaka lizitolerenso kudzera m'misonkho. Zoti mayi wogulitsa ndiwo kumudzi ali ndi chenji kapena ayi, imeneyo sinali nkhawa yake yoyamba.

Kwathu kunonso zinayenda choncho. Makolo athu ankagulana ndi nsalu, mikanda, makasu ndi mchere, ndipo azungu oyamba ankalipira antchito ndi nsalu. Boma la atsamunda litakhazikika m'nthawi ya Harry Johnston, msonkho wa nyumba unali masheleni 3 pofika 1894. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza, koma wogwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankamuchotserako theka. Cholinga chake chinali chosabisika: kukankhira anthu kuminda ya azungu. Tiyi atayamba kudzalidwa ku Thyolo cha m'ma 1908, ndi maesiteti monga Satemwa, imene inayamba mu 1923, ambiri mwa ogwira ntchito anali Alomwe ochokera ku Mozambique. Okhala pamalo a esiteti ankagwira thangata, imene inathetsedwa mu 1962. Agogo athu amakumbukira tiki, sikisi, sheleni ndi kobiri lobooka pakati la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ambiri mwa makobiri amenewo ankangodutsa m'manja mwa wantchito popita kwa wokhometsa msonkho.

Lero dziko ndi lathu, ndalama ndi yathu. Tili ndi ufulu wofunsa ngati ikutumikira msika wa kumudzi, kapena ikungotumikira ofesi ya mumzinda.

4. Si chotsanzira chilichonse chimene chili chinyengo, koma pali muyeso wake.

Mfundo imeneyi ndi imene ndikufuna tiikhalire pansi. Mu 274 mfumu Aurelian anagonjetsa Tetricus, amene ankalamulira Gaul (dera la France ya lero) ndi Britain payekha, n'kutulutsa ndalama yatsopano. Ndalama yatsopanoyo sinafike yokwanira kumadera akutali amenewo. Misika inali ikadalipo, anthu ankafunabe kugula mkate, mowa ndi miphika, koma chogulira panalibe. Osula zitsulo m'matauni ndi m'midzi anayamba kusungunula mkuwa wakale, kudula timizidutswa n'kutidinda nkhope ya Tetricus kapena ya Claudius II ndi zidindo zogoba okha. Mliri wa kutsanzirawu unabweranso m'zaka za m'ma 330 ndi 340, pamene anatsanzira kobiri la Constantine ndi ana ake lokhala ndi asilikali awiri kumbuyo, n'kubweranso pambuyo pa 350. Nyumba yosulira ndalama ya ku London inali itatsekedwa cha m'ma 325, kotero Britain inkadalira makobiri ochokera ku Trier, Lyon ndi Arles, tsidya lina la nyanja. Ku Egypt, pamalo otchedwa Dionysias, ofukula anapeza zikombole zadothi pafupifupi 15,000 zoumbira makobiri amkuwa.

Chochititsa chidwi n'chakuti makobiri ambiri otsanzirawa sakanapusitsa ngakhale mwana. Ena ndi aang'ono kuposa chikhadabo cha chala chakanise. Zilembo zake n'zopotoka, nkhope ya mfumu siidziwika bwino. Wogula ankadziwa, wogulitsa ankadziwa, ndipo zikuoneka kuti akuluakulu a m'deralo nthawi zambiri ankangoyang'ana kumbali. Katswiri wina wa ndalama zakale, George Boon, anasiyanitsa chinyengo cha masiku onse, chimene sichisowa paliponse pamene pali ndalama, ndi miliri imeneyi, imene inkabuka ndalama za boma zikasowa n'kuzilala zikapezekanso. Anthuwa ankatseka dzenje limene boma linasiya.

Nafenso timatseka dzenje lomwelo m'njira zathu. Wa pa okala ali ndi kabuku kolembamo amene ali ndi chenji chake. Wogulitsa bonya amasintha kukula kwa mulu m'malo mosintha mtengo. Mafuta ophikira amathiridwa m'timapepala ta pulasitiki tolingana ndi ndalama imene munthu ali nayo. Mayi wa nthochi amawonjezera ziwiri pamwamba kuti nkhani ithe. Zonsezi ndi nzeru, ndipo sitiyenera kuchita nazo manyazi.

Koma taonani chimene chinkapangitsa kobiri lotsanzira lija kukhala lachilungamo: linkayenda mbali zonse ziwiri. Wophika mkate amene wakupatsa kobirilo lero ankalilandiranso mawa ukabwera kudzagula. Nanga switi wa m'gulosale? Mwini sitolo amakupatsa maswiti awiri m'malo mwa K50 kapena K100 yako. Mawa lake bwera ndi maswiti khumi, unene kuti ukufuna mchere, uone ngati alandire. Salandira. Choncho amene uja sanakupatse chenji. Wakugulitsa katundu amene sunafune, pa mtengo umene waika yekha, n'kupezanso phindu pamwamba. Kwa munthu mmodzi ndi kanthu kochepa. Kwa anthu mazana odutsa pakauntala pa tsiku la malipiro, ndi ndalama yooneka, ndipo yachokera m'matumba a anthu amene awerama m'mizere ya tiyi kuyambira m'mamawa. Kondakitala woiwala dala chenji mpaka wokwera atsike ali m'gulu lomweli.

Muyeso wake ndi wophweka, achimwene ndi achemwali a malonda. Chimene ukupereka m'malo mwa ndalama, kodi iwe ungachilandire? Ngati yankho ndi ayi, mufunse kaye wogula, kapena mulembe m'buku kuti adzatenge.

5. Chinyengo chenicheni chimasaka wofooka, ndipo kuchipatsira wina n'kulowa nawo m'mlandu.

Aroma analinso ndi akuba enieni. Ankatenga mkuwa n'kuukuta ndi kachikopa ka siliva kapena golide kuti uoneke ngati ndalama yamtengo. Cholinga apa chinali choti wolandira asadziwe. Malamulo a Constantine ndi ana ake ankalanga anthu otere mwamphamvu, mpaka kulanda nyumba kapena munda umene ntchitoyo inkachitikira.

Wopanga K5,000 kapena K2,000 yachinyengo masiku ano ndi mdzukulu wa ameneyu. Sapita nayo kubanki, kumene kuli makina ndi maso ozolowera. Amadikira chisisira, tsiku la msika, pamene gogo wogulitsa nkhuku kapena mkoko wa nthochi watopa ndipo akufulumira kubwerera kwawo. Amagula kanthu kochepa, n'kulandira chenji chenicheni. Wina satenganso pepala: amatumiza uthenga pafoni wooneka ngati wa Airtel Money kapena Mpamba, kenaka n'kuimba molira kuti watumiza molakwika, mumubwezere. Uthengawo ndi wotsanzira, ndalama zimene mubwezezo ndi zenizeni. Musanabweze, onani nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu.

Chovuta kwambiri chili apa. Mwazindikira kuti pepala limene mwalandira ndi labodza. Ndi malipiro a tsiku lonse, mwinanso kuposa. Mtima umanong'oneza kuti nanenso anachita kundipatsa, ndikangolipereka kwa wina mumdima. Ndikumvetsa kuwawa kwake, ndipo sindikupeputsa. Koma amene mudzamusankhe kuti mumupatse sadzakhala munthu wochenjera; mudzasankha wamaso ofooka, mwana wotumidwa, kapena mlendo. Pamenepo mwachita ndendende zimene wakuba uja anachita kwa inu. Lamulo la dziko lino limaletsa kupereka ndalama yachinyengo ukudziwa, ndipo chikumbumtima chinaletsa kale lamulo lisanalembedwe. Kaiperekeni kupolisi kapena kubanki. Ndipo phunzirani kuyang'ana ndalama yeniyeni masana: kumva kukhakhala kwa zilembo zake ndi chala, kuiloza kudzuwa kuti chithunzi chobisika chioneke, kuona kachingwe kodutsa m'kati mwake. Ana a sukulu aphunzitse agogo awo zimenezi.

6. Tisafulumire kunamizira mlendo.

Kwa nthawi yaitali osonkhanitsa ndalama zakale ankakhulupirira kuti makobiri opotokawa anapangidwa ndi mitundu ya kunja kwa malire a Roma, anthu amene ankawayesa osatukuka. Kufukula kunaonetsa zina. Zotsalira za ntchitoyi zapezeka m'kati mwenimweni mwa ufumu, m'matauni ndi m'minda ya nzika zake. Kunja nakonso kunalidi otsanzira: ku Sri Lanka, kumene makobiri amkuwa a Aroma anafika ochuluka kudzera m'malonda a panyanja, anthu anasula awoawo amene lero amatchedwa a Naimana, dzina la mudzi wa kufupi ndi Matara. Koma mliri wa ku Britain ndi Gaul unali wa eni nyumba.

Ife tili pafupi ndi malire a Mozambique. Chikasowa chinthu, kapena ndalama yabodza ikapezeka pamsika, pakamwa pamafulumira kunena kuti abwera nayo a kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. Ambiri a ife agogo athu anaoloka malire omwewo, ndipo ananyozedwa ndi mawu ofanana. Tifufuze kaye tisanatchule mtundu wa munthu.

7. Mawu olembedwa pa ndalama sagula ufa.

Mu 348 mafumu Constantius II ndi Constans anatulutsa kobiri latsopano lolembedwa FEL TEMP REPARATIO, kulengeza kuti masiku abwino abwerera. Patangopita zaka ziwiri Constans anaphedwa, ndipo mkulu wa asilikali Magnentius analanda ufumu wa kumadzulo. Mu 351 Aroma anaphana okhaokha pa nkhondo ya ku Mursa, anthu masauzande ambiri n'kufa. Magnentius atafa mu 353, makobiri ake anachotsedwa pamsika, ndipo kobiri la masiku abwino lija linachepetsedwa kukula. Mtundu wake wina, woonetsa msilikali akubaya munthu wogwa pa kavalo, ndi umodzi mwa imene inatsanziridwa kwambiri ku Britain. Osula ena ankangodinda pamwamba pa makobiri akale, chithunzi chakale n'kumaonekerabe pansi pa chatsopano.

Nkhope za pa ndalama zathu zachitsulo nazonso zasinthasintha: Mfumukazi Elizabeth II m'nthawi ya chitaganya, Kamuzu Banda kuyambira 1964, Bakili Muluzi kuyambira 1995, kenaka chizindikiro cha dziko. K20 yapepala yakale, ya nkhope ya John Chilembwe, kumbuyo kwake kunali anthu othyola tiyi. Dziko linavomereza poyera kuti chuma chake chili m'manja mwa anthu amenewa. Lero K20 sigula ngakhale chitumbuwa. Wandale akabwera pabwalo ndi mawu okoma a masiku abwino, mumvetsereni mwaulemu, kenaka mufunseni kuti malipiro a tsiku limodzi akugula makilogalamu angati a chimanga poyerekeza ndi chaka chatha.

8. Chuma chokwirira chimaonda, ndipo chinsinsi chimafa ndi mwini wake.

Mu 2010, kufupi ndi Frome ku England, munthu wina anapeza mtsuko waukulu wokhala ndi makobiri 52,503 a zaka za m'ma 200. Mu 2013 ku Seaton Down, m'dziko lomwelo, kunapezekanso makobiri 22,888 a nthawi ya Constantine ndi ana ake. Mitsuko yotere yapezeka yambiri. Ina mwina inali nsembe, ina inakwiriridwa poopa nkhondo, ina eni ake anaisiya ndalamazo zitatha mphamvu. Chodziwika n'chimodzi: palibe anabwera kudzaifukula.

Pali zinthu ziwiri zoti tizitole apa. Choyamba, m'dziko limene ndalama ikugwa mphamvu, kusunga mpukutu pansi pa mphasa n'kudzibera wekha. K100,000 imene munasunga mu October 2023 inafika Khrisimasi ili yomweyo powerenga, koma yochepa pogula. Mbuzi imaswa, banki m'khonde yoyendetsedwa mwachilungamo imabweza ndi phindu, mbewu ya nthochi yopanda matenda imabwezeretsa munda umene matenda a chisaka anawononga, ndipo fizi ya mwana yolipiriratu siikwera pambuyo. Chachiwiri chikukhudza mabanja. Alipo abambo amene amwalira ndalama zili mufoni kapena kubanki, mayi wa kunyumba osadziwa kanthu, ana n'kusiya sukulu chuma chawo chilipo. Kubisira mkazi wako kapena mwamuna wako kumene kuli ndalama za banja n'kukwirira mtsuko. Lembani, ndipo pakhale munthu wokhulupirika wodziwa.

9. Mtsogoleri wosamala ndalama yaing'ono amasamala anthu ake, koma nafenso tili ndi gawo.

Makobiri amkuwa atsopano anasiya kufika ku Britain cha m'ma 402, ndipo pofika 410 ulamuliro wa Roma unali utatha kumeneko. Nthawi imeneyi panalibenso amene anadzuka kukasula otsanzira mochuluka ngati kale. Misika inali itafooka, matauni ankatha, ntchito zazikulu zoumba mbiya zinagwa, ndipo panapita zaka pafupifupi 200 ndalama zisanayambenso kusulidwa mwadongosolo pachilumbapo. Apa m'pamene timaona kuti makobiri opotoka aja anali chizindikiro cha moyo: anthu ankawapanga chifukwa anali ndi zogulitsa ndi zogula.

Kum'mawa, ku Constantinople, zinayenda mosiyana. Kobiri la boma linali litachepa kwambiri moti kugula chinthu chochepa kunkafuna kuwerenga mulu wa timakobiri. Mu 498 mfumu Anastasius anatulutsa makobiri akuluakulu olembedwa mtengo wake moonekeratu: chilembo M pa la 40, K pa la 20, ndi I pa la 10. Wogula ndi wogulitsa anapuma. Anastasius pomwalira mu 518 anasiya mosungira chuma cha boma modzaza. Amene amaganizira chenji cha mayi wa pamsika nthawi zambiri ndi yemwenso amadziwa kusunga chuma cha dziko.

Kuno kwathu ndalama zikuluzikulu zakhala zikubwera motsatana: K1,000 mu 2012, K2,000 mu 2016, K5,000 mu 2022. Zing'onozing'ono, za nkhope ya M'mbelwa II, Gomani II, James Sangala ndi Rose Chibambo, zimafika kumudzi zitatopa kale, zong'ambika ndi zomatamata. Kusindikiza ndalama kumadya ndalama zakunja, ndipo Reserve Bank yakhala ikudandaula za mmene timaziwonongera. Pamenepa ikunena zoona. Pa perekaniperekani timaziponya m'fumbi n'kuzivinira pamwamba. Timazifinya m'manja onyowa ndi nsomba, timazimanga mfundo pansonga ya chitenje, timalembapo manambala a foni. Ndalama yaing'ono iliyonse imene yafa msanga ndi chenji chimene mawa chidzasowe pa okala.

Choncho pempho langa lipita mbali zitatu. A Reserve Bank ndi mabanki, tumizani K50, K100 ndi K200 zatsopano kumisika ya kumudzi monga Masambanjati, Makwasa ndi Thekerani, makamaka m'masiku a malipiro, ndipo muzilandira zong'ambika popanda kuvutitsa anthu. Eni masitolo ndi makondakitala, bwezani chenji cha munthu chonse, ngakhale iye asanakumbutse. Ndipo inu amayi ndi abambo okonza maukwati ndi zinkhoswe chaka chino, ikani lichero kapena beseni patsogolo, ndalama ziziponyedwa m'menemo, osati pansi.